Tikiti ya sitima yowolotsa magalimoto ikatchipa, walipira ndani?

Pamalo pamene nyanja yolekanitsa England ndi France ili yopapatiza kwambiri pali makilomita 33 okha. Kunja kukayera, munthu woima pamwamba pa doko la Dover amatha kuona gombe la tsidya linalo. Sitima zonyamula magalimoto zimawoloka pamenepa usana ndi usiku kupita ku Calais, ulendo wa mphindi pafupifupi 90, ndipo makampani olimbirana anthu panjirayi alipo atatu: P&O Ferries, DFDS ndi Irish Ferries. Madzi ndi omwewo, madoko ndi omwewo, nthawi yake ndi yofanana. Komabe munthu wofuna kuwoloka ndi banja lake pa galimoto akayang'ana pa intaneti amapeza mitengo yosiyana, ndipo akabwereranso mawa lake amapeza kuti yasintha. Wogula tikiti miyezi itatu yapitayo ndi wogula dzulo amaimika magalimoto awo moyandikana m'sitima imodzi, chonsecho ndalama zimene atulutsa zikutalikirana kwambiri.

Ambiri amangofunsa kuti wotchipa ndani. Ine ndimaona kuti funso lothandiza ndi lina. Sitima yaikulu imadya ndalama zofanana kaya yadzaza kaya ili mbee: mafuta, malipiro a amalinyero, msonkho wa pa doko, ngongole imene anagulira sitimayo. Tsono tikiti yanu ikatsika mtengo, ndiye kuti pali wina amene wasenza gawo limene inu simunalipire. Mukamudziwa ameneyo, mitengo ija imayamba kumveka.

Choyamba n'chakuti kampani sigulitsa mpando. Imagulitsa malo apansi, pamene pamaima magalimoto. Eni sitima amayeza kukula kwa sitima zawo powerenga mamita a mizere yoimikamo magalimoto, ndipo mita iliyonse kwa iwo ndi ndalama. Lole yokoka ngolo ya ku Ulaya imatalika mamita 16.5, pamene galimoto yabanja sikawirikawiri kupitirira mamita asanu, choncho lole imodzi imadya malo a magalimoto atatu kapena anayi. Msinkhu nawonso ndi nkhani. M'sitima zambiri muli nsanja zofupika denga zimene zimangokwana magalimoto ang'onoang'ono. Mukamangirira njinga kapena bokosi la katundu padenga la galimoto yanu, simukwananso m'nsanjamo, ndipo amakuikani kumene kumaima malole, komwe malo ake ndi odula. N'chifukwa chake pogula tikiti amakufunsani utali ndi msinkhu wa galimoto, ndipo amene wanama amakalipitsidwa zowonjezera pa doko, kapena kusiyidwa kumene ngati malo aatali atha.

Chitseko cha sitima chikangotsekedwa, malo amene sanagulidwe atayika basi. Sangasungidwe kuti akagulitsidwe mawa. Apa ndi pamene pamachokera kusinthasintha kwa mitengo. Makompyuta a kampani amayang'ana mmene sitima iliyonse ikudzazira, n'kumakweza mtengo malo akamachepa. Ulendo wa pakati pausiku mkati mwa sabata nthawi yachisanu umatchipa, pamene wa Loweruka m'mawa masukulu atangotsekera m'mwezi wa Julayi umadula kwambiri. Tikiti yopita n'kubwera tsiku lomwelo nthawi zambiri imakhala yotsika modabwitsa, pakuti kampani ikudziwa kuti munthu wotereyu sakanayenda n'komwe pakadapanda mtengo wokopa. Wa tchuthi cha masabata awiri ayenda ndithu, ndiye iye ndi amene amalipira mokwanira. Palinso kusiyana pakati pa tikiti yotchipa imene siisinthidwa kapena kubwezeredwa ndalama, ndi yodulirapo imene imakulolani kukwera sitima ina mukachedwa panjira. Kwa munthu amene ali ndi maola asanu ndi limodzi oyendetsa asanafike pa doko, yodulirapoyo kawirikawiri ndiyo yanzeru.

Amene amasenza katundu wolemera wa bizinesiyi ndi malole. Alendo a tchuthi amadzaza sitima miyezi iwiri kapena itatu pachaka, koma malole amawoloka chaka chonse, Lolemba mpaka Lamlungu, mvula kaya chisanu. Makampani onyamula katundu amakambirana mitengo yawo padera, ndipo eni sitima amawasamala ngati dzira. M'sitima zambiri madalaivala a malole ali ndi chipinda chawochawo chodyera, mosambira, ndipo pa maulendo aatali ali ndi mabedi. Pali chifukwa chake. Malamulo a mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya wa EU amalamula dalaivala kupuma mphindi 45 akayendetsa maola anayi ndi theka, komanso amalola kuti nthawi yake yogona iwerengedwe ali m'sitima ngati wapatsidwa bedi. Dalaivala amene wagona pamadzi amatsika ali wokonzeka kuyendetsa tsiku lathunthu, ndipo kwa bwana wake imeneyo ndi ndalama. Njira imene ili ndi malole ambiri imatha kupatsa anthu wamba maulendo pafupipafupi pa mtengo wotsika. Njira yodalira alendo okha imachepetsa maulendo kapena kutseka kumene nthawi yachisanu.

Wina wolipira ndi sitolo ya m'sitima. Kwa zaka zambiri mowa, fodya ndi mafuta onunkhira zinkagulitsidwa m'sitima popanda msonkho, ndipo phindu lake linali lalikulu moti makampani ankatha kupereka matikiti pa mtengo wongopatsa, podziwa kuti munthuyo akasiya ndalama zake ku sitolo. Malonda amenewa anathetsedwa pa maulendo a pakati pa mayiko a EU kumapeto kwa Juni 1999, ndipo njira zina zinafooka nthawi yomweyo. Ku nyanja ya Baltic anapeza potulukira. Zilumba za Åland, ngakhale zili mbali ya Finland, zili kunja kwa dongosolo la misonkho ya malonda la EU, kotero sitima za Viking Line ndi Tallink Silja zoyenda pakati pa Helsinki ku Finland ndi Stockholm ku Sweden zimaima kumeneko kwa mphindi zochepa, nthawi zina pakati pausiku anthu ali m'tulo, kuti sitolo ipitirize kugulitsa popanda msonkho. Britain itatuluka mu EU, malonda omwewa anabwereranso pa sitima za Dover kuyambira Januwale 2021.

Tsono poyerekeza mitengo, cholakwika chachikulu ndi kuyang'ana tikiti yokha ngati kuti ulendo umayambira ndi kuthera pa doko. Banja lochokera kumadzulo kwa England lopita kumadzulo kwa France likhoza kupeza tikiti yotchipa pa Dover, koma liyenera kuyendetsa maola ambiri kupita kum'mawa, kuwoloka, kenako kubwereranso kumadzulo pa misewu ya ku France imene yambiri ndi yolipira. Onjezani mafuta, chakudya cha panjira, mwinanso malo ogona. Sitima yochoka ku Portsmouth, kummwera kwa England, kupita ku Caen ku France imatenga maola pafupifupi asanu ndi limodzi ndipo tikiti yake ndi yodula, koma galimoto imakhala itaima, dalaivala akupuma. Kampani yoyenda njira imeneyi, Brittany Ferries, inabadwa pa nzeru yomweyi. Alimi a ku Brittany, dera la kumadzulo kwa France, motsogozedwa ndi Alexis Gourvennec, anaona kuti ndiwo zawo zamasamba zikuzungulira ulendo wautali kuti zikafike ku Britain, ndipo mu Januwale 1973 anayambitsa sitima yawoyawo kuchoka ku Roscoff kupita ku Plymouth. Anthu ndi magalimoto awo anadza pambuyo pa masamba aja.

Palinso tinthu ting'onoting'ono timene timakweza mtengo pamapeto. Kampani ina imaphatikiza anthu onse a m'galimoto pa mtengo umodzi, ina imawerenga mutu uliwonse. Galu amalipiridwa padera. Pa maulendo ena ausiku saloleza kukwera popanda kulipira chipinda chogona. Ndalama zowonjezera za mafuta ndi za utsi nazonso zimaoneka pa risiti, ndipo izi sizongopeka. Kuyambira Januwale 2015 sitima zoyenda pa Baltic, North Sea ndi English Channel zimayenera kugwiritsa ntchito mafuta amene sulufule wake sapitirira 0.1 peresenti, kapena kuika makina osefa utsi, ndipo zonsezi n'zodula. Kuyambira 2024 sitima zikuluzikulu zoima pa madoko a EU zinayambanso kulipira chifukwa cha mpweya woipa umene zimatulutsa, gawo lochepa poyamba, kenako kumakwera chaka ndi chaka.

Za kukoma kwa ulendo, zithunzi za pa intaneti siziyenera kukhulupiriridwa msanga, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chofunika ndi kufunsa kuti mukhala pamadzi nthawi yaitali bwanji. Pakati pa Helsingør ku Denmark ndi Helsingborg ku Sweden ndi mphindi 20 zokha. Pamenepo mpando wofewa ulibe ntchito kwenikweni, chachikulu n'chakuti sitima ina ibwera posachedwa. Pa ulendo wa ola ndi theka, chimene chimatopetsa munthu si sitima koma mzere wa pa doko, kuonetsa mapasipoti, ndi kudikira kuti akutulutseni mukafika. Ulendo ukakhala wa usiku wonse, monga wa Hull ku England kupita ku Rotterdam ku Netherlands, pamenepo ndiye bedi ndi nkhani yaikulu: chipinda chili pafupi ndi injini kapena ayi, chili ndi zenera kapena ayi, phokoso la oimba ndi omwa likufika kapena ayi. Munthu amene sanagone, m'mawa n'kukhala pa chiwongolero m'dziko limene magalimoto amayenda mbali ina ya msewu, wapulumutsa ndalama zochepa pa chinthu chimene sichinayenere kuumiridwa.

Pa sitima zowoloka nyanja zikuluzikulu, anthu saloledwa kukhala m'magalimoto awo ulendo uli mkati. Mumatseka galimoto, mumakwera kumtunda, ndipo simubwererako mpaka sitima itayandikira doko, kotero mankhwala, zovala za mwana ndi china chilichonse chofunika ziyenera kutengedwa nthawi yomweyo. Kwa okalamba ndi olumala, kukhala ndi chikepe pafupi ndi pamene galimoto yaimikidwa n'kofunika kuposa malo odyera okongola, ndipo ndi bwino kunena zimenezi pogula tikiti. Amene amachita mseru pamadzi amapepukidwa m'sitima yaikulu yokhala ndi zipsepse zochepetsa kupendekeka, makamaka akakhala chapakati ndi chapansi. Njira zina ndi zodziwika ndi mafunde, monga Cook Strait ku New Zealand, kumene Interislander ndi Bluebridge amapikisana pa ulendo wa maola atatu ndi theka pakati pa Wellington ndi Picton.

Panali nthawi imene makampani ankaganiza kuti liwiro ndilo lidzapambane. Zombo zoyandama pa mphepo zotchedwa hovercraft zinkawoloka pa Dover kwa mphindi zongopitirira pang'ono 30, galimoto zili m'kati, koma zinasiya mu Okutobala 2000. Stena Line inali ndi sitima zothamanga kwambiri za HSS, ndipo yomaliza pa njira ya Holyhead ku Wales ndi Dún Laoghaire ku Ireland inaima mu 2014. Zinkamwa mafuta osaneneka, sizinkanyamula malole ochuluka, ndipo nyanja ikakwiya zinali zoyamba kutsala pa doko. Kuthamanga sikufika. Zimene zinapambana ndi sitima zikuluzikulu za liwiro lapakatikati, zonyamula malole ndi anthu pamodzi.

Kudalirika kwa kampani kumaoneka tsiku limene zinthu zasokonekera. Lamulo la EU la nambala 1177/2010 limati sitima ikalephereka kapena ikachedwa kunyamuka kupitirira mphindi 90, wokwera asankhe pakati pa kubwezeredwa ndalama ndi kupezeredwa ulendo wina popanda kulipira zowonjezera. Ikafika mochedwa ndi ola limodzi pa ulendo wosapitirira maola anayi, pali chipepeso cha 25 peresenti ya mtengo wa tikiti, ndipo kuchedwako kukawirikiza chimafika pa 50 peresenti. Chipepesochi sichiperekedwa ngati chochedwetsa ndi nyengo yoopsa. Lamulo ndi limodzi kwa onse, koma kampani ya sitima zisanu panjira imodzi imakukwezani ina pasanathe maola awiri, pamene ya sitima imodzi yokha imakusiyani mukudikira mawa.

Nanga mpikisano weniweniwo? Mbiri ya Dover ikuonetsa kuti suli wophweka monga momwe ambiri amaganizira. Mu 1994 njanji yodutsa pansi pa nyanja inatsegulidwa, ndipo sitima zapamtunda zinayamba kunyamula magalimoto kuchoka ku Folkestone kukafika pafupi ndi Calais kwa mphindi 35, anthu ali m'magalimoto awo, popanda mafunde. Eni sitima zapamadzi anayankha potsitsa mitengo mpaka kudzipweteka okha. Pofika 1998, P&O ndi Stena Line, amene anali adani panjirayi, anaphatikiza sitima zawo kukhala kampani imodzi, ndipo mu 2002 P&O inagula gawo la Stena. Kampani ya ku France ya SeaFrance inagwa mu Januwale 2012. Eurotunnel, mwini wa njanji yapansi ija, inagula sitima zake zitatu n'kuziyendetsa m'dzina la MyFerryLink, koma bungwe loona za mpikisano pa malonda ku Britain linakana, ponena kuti mwini njanji akakhalanso ndi sitima adzagwira msika wopitirira theka ndipo mitengo idzakwera. Milandu inatenga zaka, mpaka MyFerryLink inatseka mu 2015 ndipo sitima zake ziwiri zinapita ku DFDS. Irish Ferries inalowa panjirayi mu Juni 2021.

Kulowa mu bizinesiyi n'kovuta chifukwa cha zinthu ziwiri. Sitima imodzi imadya mpamba waukulu ndipo imatenga zaka kuti imangidwe, komanso iyenera kukwanirana ndi milatho yokwezera magalimoto ya pa doko limene ikaime. Chachiwiri ndi doko lenilenilo. Malo okochezera ndi owerengeka, ndipo amene ali ndi nthawi zabwino zonyamukira sazitaya. N'chifukwa chake ngakhale njira zotchuka kwambiri zimakhala ndi makampani awiri kapena atatu okha. Pakati pa Helsinki ndi Tallinn ku Estonia, ulendo wa makilomita pafupifupi 80, pali Tallink, Viking Line ndi Eckerö Line. Pakati pa Holyhead ndi Dublin pali Stena Line ndi Irish Ferries. Opikisana akakhala ochepa chonchi, aliyense amaona mtengo wa mnzake tsiku lililonse, ndipo boma liyenera kukhala tcheru. Mu 2021 P&O ndi DFDS atagwirizana kuti lole ikwere sitima iliyonse yoyamba kunyamuka, kaya ndi ya kampani iti, bungwe loona za mpikisano ku Britain linafufuza mgwirizanowo poopa kuti ungachepetse maulendo.

Pali wolipira wina amene wokwera samuona kawirikawiri, ndipo nkhani yake ndi imene imandikhudza kwambiri. Pa 17 Malichi 2022, P&O Ferries inachotsa ntchito amalinyero pafupifupi 800 tsiku limodzi, ambiri atauzidwa kudzera pa uthenga wa vidiyo, n'kulemba ena olandira ndalama zochepa kudzera m'makampani olemba anthu ntchito. Patapita sabata, mkulu wa kampaniyo, Peter Hebblethwaite, anavomera pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo kuti sanakambirane ndi mabungwe a ogwira ntchito monga lamulo limafunira, ndipo anati antchito atsopanowo azilandira pafupifupi mapaundi 5.50 pa ola, pamene malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ku Britain nthawiyo anali mapaundi 8.91. Kampaniyo inati inkaluza ndalama zambiri ndipo ikanagwa. Zinatheka chifukwa sitima ikhoza kulembetsedwa m'dziko lina lakutali n'kumatsatira malamulo a ntchito a kumeneko, ngakhale ikuyenda pakati pa madoko awiri a ku Ulaya tsiku ndi tsiku. Mu 2023 Britain ndi France anakhazikitsa malamulo. La ku Britain limafuna kuti sitima zoima pa doko la dzikolo kosachepera ka 120 pachaka zizilipira malipiro ofanana ndi ovomerezeka zikakhala m'madzi ake. La ku France linaika malipiro otsikitsitsa komanso malire a masiku amene munthu angagwire ntchito m'sitima asanapite kukapuma.

Malire a masikuwo si nkhani ya chifundo chabe. Anthu amene amakulozerani poimika galimoto ndi kukuphikirani chakudya ndi omwewo amene amatseka zitseko za sitima ndi kutsitsa mabwato opulumutsira anthu. Sitima yamtunduwu ili ndi chofooka chimodzi chobadwa nacho: malo oimika magalimoto ndi bwalo lalikulu lopanda makoma, ndipo madzi akangolowamo amathamangira mbali imodzi n'kuigubuduza. Pa 6 Malichi 1987, Herald of Free Enterprise inachoka pa doko la Zeebrugge ku Belgium zitseko zakutsogolo zili zotsegula, inagubuduka m'mphindi zochepa, ndipo anthu 193 anafa. Amene anayenera kutseka zitsekozo anali m'tulo. Ofufuza sanaime pa iye yekha. Anapeza kuti panali chikakamizo chonyamuka msanga, ndipo akuluakulu a kampani ananyalanyaza pempho la oyendetsa sitima lakuti aikiridwe magetsi osonyeza ngati zitseko zatsekedwa. Pa 28 Seputembala 1994, sitima ya Estonia inamira pa Baltic chitseko chake chakutsogolo chitathyoka ndi mafunde, ndipo anafa anthu 852. Malamulo okhwima amene alipo lero okhudza kamangidwe ndi kayendetsedwe ka sitimazi anachokera pa maliro amenewa, ndipo mtengo wowatsatira uli m'kati mwa tikiti iliyonse.

Kumene kulibe mpikisano n'komwe, monga ku zilumba za anthu ochepa, wolipira amakhala wokhoma msonkho. Kumadzulo kwa Scotland sitima zimayendetsedwa ndi Caledonian MacBrayne, kampani ya boma. Mu 2008 boma linayamba kuyesa njira yowerengera mtengo ngati kuti munthu wayenda mtunda womwewo pa msewu, ndipo pofika Okutobala 2015 inafalikira ku zilumba zonse za Clyde ndi Hebrides. Mitengo inatsika, alendo anachuluka, malonda a pa zilumba anapindula. Koma sitima zinayamba kudzaza nthawi yotentha moti eni zilumba ankavutika kupeza malo a galimoto popita kuchipatala kapena ku maliro, ndipo sitima zakale zinkawonongeka pafupipafupi. Yatsopano yotchedwa Glen Sannox, imene anaitanitsa mu 2015, inayamba kunyamula anthu mu Januwale 2025. Norway inasankha njira ina: boma limaitanitsa makampani kuti apikisane pa ufulu woyendetsa njira inayake kwa zaka zingapo, n'kuika zofunika zake m'pangano. Mwa njira imeneyi sitima yoyamba yonyamula magalimoto yoyendera mabatire okha, Ampere, inayamba kuwoloka Sognefjord pakati pa Lavik ndi Oppedal mu 2015.

Mdani amene eni sitima amamuopa kuposa kampani inzawo ndi mlatho kapena msewu wapansi pa nyanja. Mlatho wa magalimoto wa Great Belt ku Denmark utatsegulidwa mu 1998, sitima zimene zinkawoloka pamalopo zinasiya. Koma za Helsingør zinapulumuka mlatho wa Øresund wa mu 2000, wolumikiza Denmark ndi Sweden, ndipo za Dover zikuyendabe patatha zaka zoposa 30 njanji yapansi ija ikugwira ntchito, chifukwa madalaivala a malole amafuna popumira, katundu wina woopsa saloledwa pansi, ndipo mwini msewu naye amalipitsa. Mayeso otsatira ali pakati pa Rødby ku Denmark ndi Puttgarden ku Germany, kumene Scandlines imawolotsa magalimoto kwa mphindi 45 popanda kampani ina yopikisana nayo. Pansi pa madzi omwewo akumanga msewu ndi njanji za makilomita 18. Scandlines inakasuma ku makhoti a EU kuti thandizo la boma la Denmark pa ntchitoyi likusokoneza mpikisano, ndipo yanena kuti sitima zake zidzapitiriza kuyenda msewuwo ukadzatsegulidwa.